Momwe mungaphunzitsire ana Malamulo oyendetsera dziko lino, kuyambira pakhomo

Ana ambiri a Sitandade 7 ndi 8 amene ndakhala ndikuwaphunzitsa amatchula nthambi zitatu za boma mosajejema. Amaloweza bwinobwino ndipo pamayeso amakhoza. Koma ukawafunsa kuti, "Kodi mtsogoleri wa dziko akaphwanya lamulo, alipo amene angamuletse?" kalasi yonse imangoti zii, kenaka mmodzi amayankha kuti palibe, poti iyeyo ndiye boma. Yankho limeneli sanaliwerenge m'buku lililonse. Analitola pakhomo pamene amamva kuti wamkulu salakwa, analitolanso kusukulu pamene mwana wochedwa amapatsidwa chikwakwa koma mphunzitsi wochedwa amangolowa n'kuyamba kulemba pabolodi.

Kwa ine phunziro lonse la Malamulo oyendetsera dziko lagona pa mfundo imodzi. Mphamvu zolamulira ndi za anthu, amene ali pamipando anangopatsidwa kuti azigwiritse ntchito m'malo mwathu, ndipo lamulo limawamanga iwo omwe monga limatimangira ife. Mwana akaigwira mfundo imeneyi, mayina a maofesi ndi zaka za zochitika adzazipeza yekha. Akapanda kuigwira, ngakhale aloweze buku lonse, adzakula akugwadira phungu wake kuti amugulire bokosi la maliro, osadziwa kuti phunguyo ndi wantchito wake. Zimene ndikulemba panozi ndi za makolo anzanga, agogo olera zidzukulu, aphunzitsi, ndi onse amene amakhala ndi ana ku Sande sukulu kapena ku madrasa.

Yambani mwawerenga nokha

Buku la Malamulo oyendetsera dziko lili ndi magawo opitirira 200, ndipo linalembedwa m'Chingerezi cha maloya. Musaliope, ndipo musayese kulimaliza. Lilipo pa intaneti pa tsamba la MalawiLII, limatsekuka ngakhale pafoni. Amene mulibe foni yotere funsani ku ofesi ya bungwe lophunzitsa anthu za demokalase la NICE ya m'boma lanu kapena kwa ahedi apasukulu. Magawo anayi okha ndi okwanira poyambira.

Gawo 5 likuti lamulo lililonse, kapena chilichonse chimene boma lachita, chikatsutsana ndi Malamulo oyendetsera dziko, chilibe mphamvu. Gawo 6 likuti mphamvu zolamulira zimachokera kwa anthu a m'Malawi kudzera m'chisankho chimene voti ya aliyense imalemera chimodzimodzi. Gawo 12 ndi limene ndimalikonda koposa: likuti onse ogwiritsa ntchito mphamvu za boma amatero chifukwa anthu awakhulupirira, kuti mphamvuzo zimakhalapo pokhapokha chikhulupirirocho chikupitirira, ndiponso kuti palibe munthu kapena bungwe limene lili pamwamba pa lamulo. Gawo 23 ndi la ana enieniwo, ndipo ndilifotokoza patsogolo.

Mukawerenga, tsekani bukulo ndipo yesani kunena gawo lililonse m'Chichewa chanu chapakhomo, m'mawu awiri kapena atatu. Gawo 12 ine ndimalinena motere kwa ana: mpando wa boma uli ngati khasu lobwereka, ulimire bwino, usalithyole, ndipo mwini wake akalifuna ubweze osanyinyirika. Mwana wa kumudzi amadziwa manyazi a munthu wokaniza khasu la eni ake, ndiye safunikanso kumufotokozera zambiri.

Malamulo apakhomo, olembedwa

Apa ndiye pali ntchito yeniyeni, ndipo ndikupemphani muchedwepo. Sankhani madzulo amene onse alipo, mutatha kudya. Tengani pepala la pakati pa kope ndi cholembera, mupatse mwana amene amalemba bwino kuti akhale mlembi. Auzeni kuti lero tigwirizana malamulo a pakhomo pano, ndipo aliyense ali ndi mawu, kuyambira wamng'ono.

Ana amayamba ndi zimene amazimva tsiku ndi tsiku: kutsuka mbale, kutunga madzi, kubwera kunyumba dzuwa lisanalowe, kutsekera mbuzi. Zilembedwe. Kenaka afunseni funso limene sanaliyembekezere: "Nanga ife akuluakulu, lamulo lathu ndi liti?" Poyamba adzachita manyazi, aziyang'anizana. Dikirani. Zimene zimatuluka pamenepo zimakhala zenizeni: bambo asamachotse wailesi pa pologalamu imene ena akumvera osapempha, mayi asamakalipire munthu asanamve mbali yake, mwana wamkazi asamagwire yekha ntchito zapakhomo pamene mlongo wake ali ku mpira, ndalama ya mayeso ikalonjezedwa iziperekedwa. Musavomere chilichonse chimene simungathe kuchisunga. Ndi bwino kukhala ndi malamulo asanu okha amene mudzawatsatadi kusiyana ndi makumi awiri a pakamwa.

Pansi pake lembani zinthu zina ziwiri. Choyamba, chimachitika n'chiyani wina akaphwanya lamulo, ndipo amaweruza ndani. Apa muike lamulo loti munthu saweruza mlandu wake womwe, ndiponso kuti woimbidwa mlandu amayamba wamvedwa. Chachiwiri, lamulo lingasinthidwe bwanji. Gwirizanani kuti palibe amene angafufute kapena kuonjezera yekha, ngakhale bambo. Pafunika kukhalanso pansi ndipo ambiri avomereze. Aliyense asayine, wosatha kulemba adinde chala, ndipo pepalalo lipachikidwe pakhoma.

Tsiku limene phunziroli lidzalowe m'mutu mwa mwana si tsiku lolembalo ayi. Ndi tsiku limene inu kholo mudzaphwanye limodzi mwa malamulowo, mwana n'kukulozerani pakhoma. Zonse zidzatengera zimene mudzachite mphindi imeneyo. Mukadzati "iwe usandiphunzitse, nyumba ino ndi yanga," mwamuphunzitsa kuti malamulo ndi a anthu ang'onoang'ono, ndipo gawo 5 sadzalikhulupiriranso. Mukadzavomera n'kulandira chimene munagwirizana, mwamuonetsa ndi maso chimene dziko lino linafuna mu 1994. Ulemu wanu sutha chifukwa cha zimenezo. Ndaona ana akulemekeza kwambiri mphunzitsi amene anasesa nawo kalasi tsiku limene iye anachedwa.

Ena adzati kodi pamenepa sitikuwalola ana kutikwera pamutu? Ayi. Kholo likhalabe kholo, ndipo pali zinthu zimene sizipita ku voti, monga kupita kusukulu kapena kumwa mankhwala. Ngakhale zimenezi muwauze poyera kuti n'chifukwa chiyani sizivoteredwa. Malamulo a dziko nawonso ali ndi magawo otetezedwa mwapadera, monga mutu wa ufulu wachibadwidwe, amene kuti tanthauzo lake lisinthidwe pafunika kufunsa anthu onse pa riferendamu; magawo enawo amasinthidwa ndi aphungu, koma pokhapokha awiri mwa atatu alionse avomereza.

Itanani agogo

Mwana wobadwa m'zaka za posachedwapa amaganiza kuti zipani zambiri, mawailesi ambiri ndi kudzudzula boma poyera zinalipo chikhalire. Mbiri yake muifupikitse. Dziko lino linalandira ufulu wodzilamulira pa 6 July 1964. Malamulo a 1966 anakhazikitsa chipani chimodzi chokha, ndipo mu 1971 Dr Hastings Kamuzu Banda anakhala mtsogoleri wamuyaya. Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula momwe zinthu zinkayendera inawerengedwa m'matchalitchi. Pa 14 June 1993 anthu anavota pa riferendamu, chizindikiro cha nyali chikuimira zipani zambiri ndipo tambala wakuda akuimira chipani chimodzi, nyali inapambana. Chisankho chinachitika pa 17 May 1994, ndipo Malamulo amene tikugwiritsa ntchito lero anayamba kugwira ntchito tsiku lotsatira, n'kukhazikitsidwa kotheratu mu 1995.

Zaka zimenezi zokha sizimukhudza mwana. Chimene chimamukhudza ndi kumva kwa agogo ake omwe. Mutumeni ndi kope akawafunse mafunso atatu kapena anayi amene wakonza yekha. Kodi munavota mu 1993? Munadzuka nthawi yanji, mzere unali wotani? Kodi khadi la chipani linali chiyani, ndipo chinkachitika n'chiyani pamsika kapena pokwera basi ngati ulibe? Agogo aakazi afunsidwe za nthawi imene lamulo linkaletsa akazi kuvala thalauzi. M'mabanja ena mudzatuluka nkhani ya wachibale amene anatsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu, kapena amene anathawira ku Zambia kapena ku Mozambique.

Agogo ena adzayamikira nthawi imeneyo, adzanena za mitengo ya zinthu, za misika ya ADMARC, za kusowa kwa umbava. Musawadule mawu. Mwana amve mbali zonse, ndipo mumufunse pambuyo pake kuti iye akuona bwanji. Kungoti mumuonetse chinthu chimodzi: lero agogo akutha kuyamikira kapena kudzudzula boma lililonse ali pakhonde pawo osayang'ana kumbuyo, ndipo zimenezo zalembedwa m'gawo 35, la ufulu wolankhula zakukhosi.

Nthambi zitatu, ndi nthawi zimene zinagwiradi ntchito

Tulutsani K200 yapepala. Kumaso kwake kuli Rose Chibambo, mmodzi mwa amayi amene anamenyera ufulu wa dziko lino. Kumbuyo kwake kuli Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe. Mwana waigwira ndalamayi kambirimbiri pogula mandasi koma sanaiyang'anepo. Muuzeni kuti m'nyumba imeneyo mumakumana aphungu, amene kuyambira chisankho cha 2025 alipo 229, ndipo ntchito yawo yaikulu ndi kupanga malamulo, kuvomereza bajeti, ndi kufunsa nduna momwe zagwiritsira ntchito ndalama. Mtsogoleri wa dziko ndi nduna zake, pamodzi ndi ogwira ntchito ku Capital Hill mpaka kwa DC, ndiwo amayendetsa zimene zavomerezedwa. Makhoti, kuyambira kwa majisitireti, bwalo lalikulu, mpaka bwalo la apilo la Supreme, ndiwo amatanthauzira malamulo ndi kuweruza pakakhala mkangano.

Kuti aone chifukwa chake ntchitozi zinagawidwa, gwiritsani ntchito masewera awo omwe, kaya ndi mpira wachikulunga, fulaye kapena phada. Tsiku loyamba lolani mwana mmodzi, makamaka mwini mpira, apange malamulo, asewere nawo, ndiponso akhale woimbira. Sipapita nthawi mkangano usanabuke, ndipo anzake adzanena okha kuti akubera. Tsiku lachiwiri gulu lonse ligwirizane malamulo masewera asanayambe, makaputeni ayendetse matimu awo, ndipo woimbira akhale wina amene sali mbali iliyonse. Pomaliza afunseni kuti tsiku liti linayenda bwino, ndipo chifukwa chiyani. Zimene adzayankhezo ndi zomwe zili m'magawo 7, 8 ndi 9.

Kwa ana okulirapo, a Sitandade 8 ndi akusekondale, dziko lathu lili ndi zitsanzo zake zenizeni, ndipo sitifunika kubwereka za kunja. Gawo 83 likuti mtsogoleri wa dziko amalamulira zaka zisanu ndipo sangapitirire materemu awiri otsatizana. Mu 2002, nthawi ya Bakili Muluzi, bilu yofuna kuchotsa malire amenewa inafika m'Nyumba ya Malamulo koma sinapeze mavoti okwanira awiri mwa atatu, ndipo inagwa. Apo aphungu analetsa zofuna za mbali yolamula. Mu April 2012 Bingu wa Mutharika atamwalira ali pampando, Joyce Banda, amene anali wachiwiri wake ngakhale anali atachotsedwa m'chipani cholamula, analumbiritsidwa pa 7 April chifukwa gawo lomwelo likuti wachiwiri ndiye amatenga mpando. Pa 3 February 2020 majaji asanu anagamula kuti chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha May 2019 sichinayende bwino, mwa zina chifukwa cha mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tipp-Ex, ndipo analamula kuti chibwerezedwe. Bwalo la Supreme linagwirizana nawo, anthu anavotanso pa 23 June 2020, Lazarus Chakwera n'kupambana. Kuchokera pa chigamulo chimenecho wopambana amayenera kupeza mavoti opitirira theka. Kenaka mu September 2025 anthu omwewo anavotera Peter Mutharika, ndipo mpando unasinthanso manja.

Ndaziika zonsezi pamodzi dala. Chipani chilichonse chachikulu chinakhalapo kumbali yopindula ndi kumbali yoluza pa nkhani zimenezi. Mukafotokoza chitsanzo chimodzi chokha, chimene chikukomera chipani chanu, mwana adzaphunzira kuti Malamulo ndi ndodo yomenyera adani. Auzeni zonse, aone kuti lamulo lomwelo linamanga uyu lero, mawa n'kumanga winayo.

"Ufulu waononga ana"

Mawu amenewa ndawamva pamisonkhano ya makolo ndi aphunzitsi nthawi zambiri, ndipo sindiwapeputsa. Makolo amene amawanena aonapo mwana akukana ntchito n'kumati ndi ufulu wake. Mankhwala ake si kubisa gawo 23, koma kuliwerenga limodzi ndi mwanayo, chifukwa zimene likunena n'zosiyana ndi zimene amamva kwa anzake.

Gawoli likuti ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo, kaya anabadwa motani. Mwana ali ndi ufulu wokhala ndi dzina lake, dzina la banja ndi dziko lake. Wodziwa makolo ake ndi kuleredwa nawo. Wosamalidwa ndi makolowo, kaya ali pabanja kaya ayi. Ayenera kutetezedwa ku ntchito yomudyera masuku pamutu, ndi ku ntchito, chilango kapena nkhanza zimene zingaononge thanzi lake kapena kusokoneza maphunziro ake. Palibe pamene palembedwa kuti mwana asatsuke mbale, asapite kudimba Loweruka kapena ayankhe makolo mwamwano. Kusiyana kwake muwaonetse ndi zitsanzo za m'mudzi mwanu: kuthandiza kupalira akaweruka kusukulu ndi ntchito yapakhomo, koma kumujombetsa teremu yonse kuti azisoka fodya kapena kuweta ng'ombe za eni ndi chimene Malamulo akuletsa.

Muwaonetsenso kuti gawo 12 lomwe lija likunena za udindo: munthu aliyense ali ndi udindo kwa anzake, kwa banja lake, kwa anthu a m'dera lake ndi kwa dziko, kuphatikizapo kulemekeza ena mosasankha. Gawo 44 likuvomereza kuti maufulu ambiri ali ndi malire oikidwa ndi lamulo. M'kalasi ndimawauza ana alembe ufulu umodzi kumanzere kwa pepala, ndipo kumanja alembe chimene ufulu womwewo ukuwafunsa iwo kuti achitire mnzawo. Wolemba kuti ali ndi ufulu wolankhula amapeza yekha kuti ayenera kukhala chete mnzake akamalankhula.

Pa atsikana ndichedwepo pang'ono. Kale Malamulowa ankati mwana ndi munthu wosakwana zaka 16, ndipo ankalola wazaka 15 kukwatiwa makolo akavomereza. Mu February 2017 aphungu anasintha zimenezi: tsopano mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo ukwati pansi pa msinkhu umenewo suloledwa, ngakhale makolo kapena ankhoswe avomereze. Kusinthaku sikunagwe kumwamba. Kunabwera chifukwa atsikana, amayi, mabungwe ndi mafumu ena, monga Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza imene inadziwika ndi kuthetsa maukwati a ana, analimbikira kwa zaka. Nkhani imeneyi imaphunzitsa zinthu ziwiri nthawi imodzi: mtsikana amadziwa chomuteteza, ndipo ana onse amaona kuti Malamulo angakonzedwe ndi anthu wamba akalimbikira. Mwana aliyense, wamwamuna ndi wamkazi yemwe, aloweze nambala ya 116, imene amaimba mwaulere akachitiridwa nkhanza, ndipo adziwe kuti kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa.

Anyamata ndi atsikana amene ayamba kuyenda okha m'tauni muwauze za gawo 42. Munthu akamangidwa ayenera kuuzidwa chifukwa chake m'chilankhulo chimene amamva, ali ndi ufulu wokhala chete, ayenera kufikitsidwa kukhoti pasanathe maola 48 kupatula pamene nthawiyo yathera pa tsiku limene khoti silikugwira ntchito, ndipo mwana sayenera kutsekeredwa pamodzi ndi akuluakulu. Belo ya kupolisi salipira. Muwauzenso kuti kudziwa zimenezi si chilolezo chochitira mwano wapolisi. Amafunsa mwaulemu, ndipo amapempha kuti makolo adziwitsidwe.

Ndalama za boma ndi za yani?

Mukagula shuga kapena sopo m'sitolo yopereka lisiti, musalitaye. Muonetseni mwana mzere wolembedwa VAT, ndipo mumuuze kuti ndalama imeneyo yapita ku boma kudzera ku bungwe la MRA. Amene amagulitsa pamsika amuonetse chiphaso cha tsiku ndi tsiku chimene khonsolo imadula. Kenaka yendani naye m'dera lanu, azitchula zimene zinamangidwa ndi ndalama za anthu: mjigo, mlatho, chipatala chaching'ono, buloko ya sukulu. Pamene pali chikwangwani cha chitukuko muwerenge naye: ndalama zinachokera kuti, zinali zingati, ntchito inayenera kutha liti. Ngati sinathe, mumufunse kuti akuganiza kuti tikafunse ndani.

Funso limenelo limatsegula nkhani ya amene ali pafupi nafe. Ana ambiri, ndi akuluakulu omwe, sasiyanitsa ntchito ya phungu ndi ya khansala. Khansala amaimira wodi yake ku khonsolo ya boma, tauni kapena mzinda, kumene kumakambidwa za misika, misewu ya m'madera, zinyalala ndi zitukuko zazing'ono. Nkhani za kumudzi zimayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), n'kupita ku komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu (ADC), kenaka kukhonsolo. Mwana wazaka khumi ayenera kudziwa dzina la nyakwawa yake, gulupu, T/A, khansala ndi phungu wake. Pakakhala msonkhano wa chitukuko kapena wa komiti ya sukulu, mutengeni akakhale kumbuyo n'kumamvetsera, ndipo pobwerera mumufunse kuti ndani analankhula, ndani sanapatsidwe mpata, ndipo anagwirizana chiyani.

Chimodzi chimene ndimalimbikira nacho ndi chilankhulo chathu ife akuluakulu. Tikamanena pamaso pa ana kuti "bwana atipatsa mjigo" kapena "boma latichitira chifundo," tikufufuta zonse zimene taphunzitsa. Tizinena kuti mjigo wamangidwa ndi ndalama zathu, ndipo amene anayendetsa ntchitoyo bwino tikumuyamikira chifukwa wagwira ntchito imene tinamutuma.

Chisankho cha ana

Kusukulu, m'malo moti mphunzitsi aloze yekha mtsogoleri wa kalasi, konzani chisankho chenicheni. Pakhale kaundula wa ovota, ofuna mpando anene zimene adzachite, aliyense avote payekha kuseri kwa chitenje, mavoti aponyedwe m'katoni imene yaonetsedwa kwa onse kuti ndi yopanda kanthu, ndipo awerengedwe poyera pamaso pa oimira aliyense wopikisana. Ikani lamulo loletsa kugawa maswiti kapena zitumbuwa, ndipo wogwidwa achotsedwe. Gawo lofunika kwambiri limabwera pakutha pa teremu: wosankhidwayo aime kutsogolo, anzake amukumbutse zimene analonjeza, ndipo afotokoze zimene wachita ndi zimene zamukanika. Woluza naye aphunzitsidwe kugwira chanza wopambana, ndiponso kuti ngati akuona kuti waberedwa pali njira yodandaulira kwa aphunzitsi osakhudzidwa, osati kugenda mawindo.

Nthawi ya kampeni yeniyeni ana amatola nyimbo ndi mawu onyoza a zipani. Musawalole kunyoza anzawo chifukwa cha chipani cha makolo awo, chigawo chimene amachokera kapena mtundu wawo. Gawo 20 likuletsa tsankho lotere, ndipo m'kalasi imodzi momwe muli Achewa, Ayao, Alomwe, Atumbuka, Angoni ndi Asena, mwana amamvetsa msanga chifukwa chake. Inu muli ndi chipani chanu, ndi ufulu wanu, koma mwana mumuphunzitse kufunsa za wopikisana aliyense mafunso omwewo.

Akafunsa funso lovuta

Tsiku lina mwana adzati, "Ngati palibe amene ali pamwamba pa lamulo, bwanji akuba ndalama za boma akungoyendayenda?" Musamunamize kuti zonse zili bwino, ndipo musamuuze kuti Malamulo ndi pepala chabe. Muuzeni zoona: zolembedwazo ndi zimene tinalonjezana, ndipo nthawi zambiri sitizikwaniritsa. Milandu imachedwa, osauka amavutika kupeza loya, ena amphamvu amazemba. Koma mumuuzenso kuti kuba kwa ndalama ku Capital Hill kumene kunaululika mu 2013, kotchedwa Cashgate, kunapititsa anthu ena kundende, ndipo kuti pali maofesi amene ntchito yawo ndi kulandira madandaulo a anthu wamba: ofesi ya Ombudsman, bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission, ndi bungwe lothana ndi katangale la ACB. Wamkulu pang'ono mungamuthandize kulemba kalata yeniyeni, yaulemu, kwa khansala kapena komiti ya sukulu pa vuto limene akuliona, monga chimbudzi chogumuka kapena mjigo wowonongeka. Asunge kope lake la kalatayo, alembe tsiku limene anaipereka, ndipo pakapita milungu ingapo popanda yankho mupite naye kukafunsa.

Za unzika wake weniweni, muonetseni mapepala. Ngati ali ndi satifiketi ya kubadwa, aione ndi kuwerenga dzina lake. Ngati alibe, kayambitseni ku ofesi ya kalembera ya NRB kwa DC, ndipo mupite naye kuti aone momwe zimayendera. Ana obadwira ku Johannesburg, ku Harare kapena ku Britain kwa makolo a ku Malawi muwafotokozere kuti lamulo la unzika linasinthidwa ndipo tsopano limalola kukhala nzika ya mayiko awiri, ndipo za ndondomeko yake mufunse ku ofesi ya kazembe kapena ya Immigration. Pakhoma pomwe pali malamulo apakhomo paja, mwana aliyense alembe chaka chimene adzakwanitse zaka 16, pamene adzatenge chitupa cha unzika. Zaka 18, pamene adzalembetse m'kaundula wa bungwe loyendetsa chisankho la MEC n'kuvota. Zaka 21, pamene angathe kuimira dera lake ngati phungu. Ndi zaka 35, pamene Malamulo akumulola kupikisana nawo pa mpando wa mtsogoleri wa dziko. Chisankho chachikulu chimachitika zaka zisanu zilizonse, ndiye kuyambira pa cha 2030 awerengetsere yekha kuti choyamba chimene adzavote ndi cha chaka chiti.